Mchele wa M'kapepala

Lolemba, 5 Malichi 1956

Andigoneka m'wadi ya amuna pa chipatala cha mishoni, bedi la pafupi ndi zenela. Pa kathabwa ka kumiyendo alemba kuti Hilary Miti, msilikali wopuma. Mwendo wanga wamanzele anaudula m'munsi mwa bondo ku Malaya, chipolopolo chitaphwanya fupa. Chilonda chinapola tili m'sitima ya pamadzi, koma chatsekukanso ndipo chikutuluka mafinya. Adokotala akuti ndinachivutitsa msanga. Sakunama. Nditatsika basi pa Petauke sindinadikile ngolo, ndinapita kumudzi ndi ndodo, nsalu imene ndinagulila mkazi wanga Sarah ili m'chola.

Ndinapeza Sarah anaikidwa kale, kwawo ku Nyalugwe. Akuti dothi la pamanda ake linali lisanaume.

Asisitele andipatsa kope ili kuti ndileke kuyang'ana denga.

Lachitatu, 7 Malichi

Kukacha amatiyeza kutentha kwa thupi, kenako phala. Chilonda amachitsuka ndi madzi ofunda a mchele n'kumanga bandeji yatsopano. Jekeseni wa penisilini m'mawa ndi madzulo. Zala za mwendo umene kulibe zimandiyabwa.

Pa bedi lakumanja pali a Whiteson Njobvu, amene anali sajeni pa nkhondo ya ku Burma. Diso limodzi analisiya komweko, ndipo tsopano chifuwa chawagwila. Amasoka nsapato pa msika wa Petauke. Atangoona mwendo wanga anati ndine munthu wowononga malonda, chifukwa ndizibwela ndi nsapato imodzi yokha. Ndinaseka, kenako ndinachita manyazi kuti ndaseka.

Amanditcha Kopolo. Ndawauza kuti ndisanavale yunifomu ndinali mphunzitsi. Ati m'wadi muno munthu amaitanidwa ndi udindo umene anavulala nawo.

Lachisanu, 9 Malichi

Thupi lazizilako. Ndilembe zimene zinachitika mutu ukadali bwino.

Mkulu wanga Gideon amatema mphini. Anyamata opita ku migodi ndi ku usilikali amabwela kwa iye kuchokela kutali, ena mpaka ku Sasare. Amawatema pachifuwa ndi pamsana, n'kupakapo mankhwala akuda, n'kuwauza kuti chitsulo sichidzalowa m'thupi mwawo. Lamulo lake ndi limodzi: mkazi wotsala kumudzi adzisunge. Ine sindinkakhulupilila, koma amai analila, ndipo ndinavula malaya kuti mtima wawo ukhale pansi.

Uthenga wa kuvulala kwanga utafika kuchokela ku boma, Gideon sanafunse ngati ndili moyo. Anaimilila pabwalo n'kunena kuti mankhwala ake sanalephelepo. Ngati chipolopolo chamupeza Hilary, afunseni Sarah amene amagona naye.

Kuyambila tsiku limenelo amai anamuletsa kuthila mchele m'ndiwo, poti mkazi wachigololo akathila mchele odyawo amadwala mdulo, amatupa miyendo ndi nkhope n'kutsokomola mpaka kufa. Aliyense anakana zophika iye. Mwana wathu Consolata anamuchotsa pa mbale ya amake. Sarah anapilila mpaka mvula itakula. Kenako anabeleka mwana n'kuyenda pansi kupita kwawo, akuwoloka mitsinje yodzaza. Anafika ndi chibayo.

Ndine ndinamutenga chitengwa. Ndinagwada pamaso pa abale ake kupempha kuti akakhale kwathu pamene ine ndili kutali. Ndinati akasungidwa bwino.

Pansi pa bedi pali chola changa. Muli nsalu ija, mabuku ochepa, nsapato ya mwendo umene kulibe, ndi chikwanje chimene tinkadulila njila m'nkhalango za ku Malaya. Ndawelenga mabuku ambili onena za anthu obwezela choipa, ndipo onse amatha moipa. Ndinkawauza choncho ana a sukulu. Lelo ndikuona kuti olembawo analibe mkulu wawo Gideon.

Lamulungu, 11 Malichi

Tsiku la alendo. Amai abwela ndi nkhuku yophika ndi maungu. Ndinafunsa amene waphika. Ati ndi Keziah, mkazi wa Gideon. Ndinawauza kuti abwelele nazo. Ndinamva kumudzi kuti Keziah sanamunyoze Sarah, koma anachotsa mtondo wake pafupi ndi wa Sarah n'kumakasinjila kwina. Ameneyonso ndamuika mumtima.

Amai analila, koma sanasinthe. Ati Gideon ananena zimene anaona, ndipo mwendo wangawu ndiwo umboni. Atalephela kundidyetsa anayamba nkhani za kumunda. Nguluwe zikutha chimanga, ndipo Gideon akuzilondela ndi gogodela wake, mfuti yakale ija yomanga ndi waya. Amathila wonga wambili kuposa muyeso, poti iye chitsulo sichimulowa.

Nkhuku adya a Whiteson. Ati iyo inalibe mlandu ndi munthu.

Lachitatu, 14 Malichi

Mafinya sakutha. Adokotala apisa kachitsulo m'chilonda, ati muli kafupa kakufa. Adikila sabata aone.

Ndapempha ndodo za m'khwapa. Masana ndimayenda m'khonde kufika ku mpope ndi kubwelela, mpaka manja achite dzanzi. Asisitele akuti sanaonepo wodwala wakhama chotele. A Whiteson sanandiyamikile. Anandiyang'ana ndi diso lawo lija n'kufunsa kumene ndikuthamangila. Chikwanje cha m'chola changa anachiona tsiku limene antchito ankakolopa pansi.

Anati, "Kopolo, ine ndapha anthu osawadziwa, ndipo mpaka lelo amabwela kudzakhala pa benchi yanga ndikamasoka nsapato. Nanga wobadwa naye mimba imodzi udzamuthamangitsa bwanji?"

Ndinati adzakhale, ndidzamupatsa mpando.

Lamulungu, 18 Malichi

Kwabwela a Fabian Nyendwa, mlongo wake wa Sarah, pa njinga kuchokela ku Nyimba. Anabweletsa mtedza, nshawa zakwathu, m'kansalu. Mpando anaukana, analankhula ali chiimile, chipewa m'manja.

Consolata ali bwino. Watsokomola pang'ono koma wachila. Amafunsa ngati atate ake adzabwela pa sitima mpaka pakhomo. Ndinapempha kuti adzabwele naye Lamulungu likudzali.

Anati, "Alamu, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma mwana ndi wathu, mukudziwa. Sadzaona munthu wa kwanu, ngakhale inuyo, mpaka amene anamunyoza mlongo wanga akaime pamanda n'kubweza mawu ake, ife ndi inu tikumva."

Ndinawauza kuti Gideon sangachite zimenezo. Akabweza mawuwo ndiye kuti wavomela kuti mankhwala ake ndi onama, ndipo palibe adzavulenso malaya pakhomo pake. A Fabian anati akudziwa. Anavala chipewa n'kupita.

Ndiye mwana wanga ali m'kamwa mwa Gideon. Ngati sindidzamuonanso, chingwe cha boma ndichiopelenji?

Nshawa ndadya. Zinali zokazinga ndi mchele, monga ankachitila Sarah.

Lachiwili, 20 Malichi

Opaleshoni mailo m'mawa. Lelo osadya kanthu kuyambila madzulo.

Lachinayi, 22 Malichi

Achotsa kafupa, afupikitsanso mwendo pang'ono. Ndikusanza. Thupi moto.

Loweluka, 24 Malichi

Jekeseni awonjezela. Ndinaitana Sarah mokweza, atelo a Whiteson. Anandimwetsa madzi ndi sipuni.

Lachiwili, 27 Malichi

Ndakhala tsonga. Chilonda chafiila bwino, chilibe fungo. Ndadya nyemba za chipatala.

Ndatulutsa buku losamalila njuchi limene ndinagula padoko. Sarah sankadziwa kuwelenga bwino, koma ankakonda kuti ndizimuwelengela iye akusenda chinangwa, ndipo ankatsutsana ndi olemba. Akanamva kuti njuchi zili ndi mfumukazi akanati ndiye chifukwa chake kwawo kuli dongosolo. Ndawelenga tsamba limodzi mokweza, ndatseka.

Lachitatu, 4 Epulo

Ulusi achotsa. Mmisili wa matabwa wa pamishoni wandiyeza, apanga mwendo wa mtengo wa mlombwa wokhala ndi malamba achikopa. Wachitsulo akuti udzabwela kuchokela ku Lusaka, tsiku silikudziwika.

Kunabwela kalaliki wa ku boma kudzaona asilikali opuma. Analankhula nthawi yaitali za ubwino wa Fedelesheni, kenako anandifunsa ngati ndingakonde kuphunzila utelala. A Whiteson anati iwonso anawalonjeza munda ndi pulawo pobwela ku Burma, ndipo zonse zinakwana m'kabokosi ka mendulo. Wadi yonse inaseka. Abambo a pamishoni nawo akuti pali sukulu yosowa mphunzitsi pafupi ndi Nyimba. Onse ndawayankha kuti ndiganiza. Sindingalonjeze ntchito ya mwezi wa Meyi.

Lachiwili, 10 Epulo



Masana abwela ndi munthu pa machila, atakulungidwa m'bulangeti lamagazi. Ndi Gideon. Gogodela uja wamuphulikila pamene ankawombela nguluwe. Dzanja lamanja lanyenyeka, ndipo tizitsulo tina talowa m'phewa. Adokotala adula dzanjalo m'munsi mwa chigongono. Amugoneka pa bedi loyang'anizana ndi langa.

Ndinapempha Mulungu kuti andipatse miyendo yokafikila kwa iye. Sindinaganize kuti angandibweletsele pa machila.

Lachitatu, 11 Epulo

Wagona tsiku lonse ndi mankhwala a opaleshoni. Nthawi ya masana, anesi atapita kukadya, ndinakoka chola. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, dzanja m'kati mwa chola, nditagwila chigwililo cha chikwanje. Kuchokela pamene ndinali kufika pakhosi pake ndi kudumpha kumodzi kwa ndodo.

Anamuvula malaya chifukwa cha bandeji. Pachifuwa pake pali mphini, mizele yakuda yofanana ndi yanga, koma yake ndi yambili, mpaka m'nthiti.

A Whiteson sanakuwe, sanaitane munthu. Anangoti, "Taonani, mwini mankhwala chitsulo chamulowa. Kodi ameneyu ali ndi mkazi?"

Ndinachotsa dzanja m'chola. Sikuti ndinamumvela chisoni. Ndinaona kuti chikwanje n'chachifundo kwambili.

Lachisanu, 13 Epulo

Wadzuka. Tayang'anana, sitinapatsane moni. Amalila akamamutsuka chilonda. Ine ndimayang'ana, sindibisa nkhope.

Mawu ndawakonza. Lamulungu abale akadzaza m'wadi, ndidzaimilila n'kunena mawu ake omwe: mankhwala a Gideon sanalephelepo, afunseni Keziah amene amagona naye. Ndikufuna aone mkazi wake akudya yekha kuseli kwa nkhokwe. Ndikufuna ana ake achotsedwe pa mbale ya amawo. Ndabweleza mawuwa mumtima tsiku lonse, ndipo akukoma.

Mwendo wa mtengo wabwela. Ukupweteka pa bondo. Aikamo thonje.

Lamulungu, 15 Epulo

Ndilemba zonse, ngakhale ndatopa.

Anabwela amai, amalume, ndi anthu ena a kumudzi, n'kuzungulila bedi la Gideon. Ndinamanga malamba a mwendo kuti ndiimilile. Ndinayang'ana Keziah pakati pawo, panalibe. Ndinamuona pakhomo la wadi, atakhala pansi pa simenti yekha, miyendo atatambasula, manja pamiyendo. Mwana wake wamng'ono anali kumsana kwa amai.

Amai anatsegula mbale ya ndiwo, chiwawa chotendela. Kenako anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kutulutsa kapepala kopinda. Munali mchele. Anathila okha.

Mawu anga anali atachedwa. Anali atamuchitila kale Keziah zimenezo popanda ine, ndipo Gideon anaona kapepalako, sanawaletse. Ndinayang'ananso Keziah. Sarah sindinamuone m'miyezi ija, ndinkangomva. Lelo ndaona mmene ankakhalila.

Ndinaitana, "Alamu, bwelani kuno. Tengani mbale inayo."

Anabwela akuyang'ana pansi, n'kugwada pafupi ndi bedi langa. Ndinapempha amai kapepala kaja. Anakana, koma a Whiteson anatambasula dzanja n'kundipatsa mchele wawo wa m'kachitini. Ndinauza Keziah kuti athile ndi dzanja lake. Amai anati ndikufuna kudzipha. Keziah anathila, ndipo wina unagwela pa bulangeti. Ndinadya mbale yonse, anthu akuyang'ana. Aka n'koyamba kudya za kwathu chibwelele.

Nditasamba m'manja ndinalankhula ndi Gideon.

"Akulu, chitsulo chakulowani monga chinandilowa ine. Ndiye sankhani, anthu akumva. Kapena mkazi wanu ndi wachigololo, kapena mankhwala anu ndi onama. Ngati ndi wachigololo, ine nditupa ndi kufa pa bedi lino, ndipo mudzakhala mwatha nane. Ngati sinditupa, mukudziwa kumene tipite."

Anatembenukila kukhoma. Amalume anati nkhani za pabanja sizikambidwa m'chipatala. Ndinati ya Sarah inakambidwa pabwalo.

Keziah potuluka anafuna kundithokoza. Ndinamuuza kuti sindinachitile iye, ndipo za mtondo uja sindinaiwale. Anati nayenso sanaiwale.

Lachitatu, 18 Epulo

Keziah akugona ku nyumba za odikilila odwala, ndipo amandiphikila tsiku lililonse. Mchele amathila pamaso pa wadi yonse. Gideon akukana zophika iye, akudya nyemba za chipatala ndi dzanja lamanzele, zambili zikugwela pachifuwa.

M'mawa uliwonse adokotala asanafike, a Whiteson amabwela kudzayendela gulu ngati pa peleti ya asilikali. Amavundukula bulangeti langa, n'kudina phazi ndi chala, n'kulengeza kuti Kopolo Miti, mwendo umodzi, sunatupe, wa mtengo nawonso sunatupe. Odwala amawomba m'manja. Ngakhale wotsuka zilonda wayamba kufunsa za lipoti la lelo. Gideon amafunda kumutu.

Ndikuyenda ndi mwendo wa mtengo ndi ndodo imodzi. Khungu lanyuka pang'ono, apaka mafuta.

Lamulungu, 22 Epulo

Amai abwelanso ndi amalume. Anandiyang'ana nkhope ndi phazi nthawi yaitali. Kenako anati mdulo wina umachedwa. Anauza Gideon kuti agwilizana kumudzi zoti Keziah abwelele kwawo akatha kukolola. Ana apita naye, poti ndi a kwawo.

Gideon anali akulimbana ndi chingwe cha kabudula wake, chimene sangathe kumanga yekha. Keziah ndiye wakhala akumumangila m'mawa uliwonse, ngakhale iye akukana chakudya chake. Anasiya chingwecho. Analankhula motsitsa, moti amalume anawelama kuti amve.

Ndinati akweze mawu, pabwalo paja sananong'one.

Anati, "Mankhwala aja ndi makala a mtengo wa mwanga ndi mafuta a nsatsi. Palibenso china. Keziah alibe mlandu."

Ndinafunsa, "Nanga Sarah?"

Anayang'ana chingwe chija. Kenako anati Sarah analibe mlandu. Anati ankadziwa kuyambila tsiku loyamba.

Amai anakhala pansi pa simenti n'kufunda nsalu kumutu. Sindinapite kukawadzutsa.

Ndinkaganiza kuti ndikamva mawu amenewa mtima udzapepuka. Sunapepuke. Sananene chifukwa cha Sarah. Wanena chifukwa alibe womumangila kabudula. Koma wanena, ndipo anthu amva.

Lolemba, 23 Epulo

Ndatuma uthenga kwa a Fabian kudzela mwa dalaivala wa lole ya mishoni.

Asisitele anandifunsa ngati tsopano ndamukhululukila mkulu wanga. Ndinawauza zoona, kuti ayi. Anati adzandipemphelela. Ndinati ayambe ndi Sarah.

Gideon wadya zophika Keziah.

Lachisanu, 27 Epulo

A Whiteson atuluka. Chifuwa sichinathe, koma ati makasitomala awo akuyenda osavala. Anatenga nsapato yanga yamanzele, imene ndinkangoisunga m'chola, n'kudula chikopa chake kukhomela kunsi kwa mwendo wa mtengo kuti usamatelele. Ati tsopano sindinganene kuti nsapatoyo inapita pachabe ku Malaya. Potsazikana anandichitila sawasha, ine ndinabweza.

Ndawauza abambo a pamishoni kuti sukulu ija ndailola.

Lachinayi, 3 Meyi

Adokotala atiyeza tonse awili, atilola kutuluka mailo. Ine ndizibwela kudzaonetsa chilonda mwezi ukatha. Gideon bandeji azisintha ku Nyimba.

A Fabian ayankha. Adzatidikila pa msewu ndi ngolo, ndipo abale onse a Sarah adzakhala kumanda Loweluka. Consolata adzakhala kunyumba ndi azakhali, ndidzamuona mawu akabwezedwa. Amai ati nawonso apita. Sindinawaitane, sindinawaletse.

Ndalongedza chola. Nsalu ya Sarah ndidzapatsa Consolata, adzaivala akadzakula. Buku la njuchi ndaika pamwamba.

Gideon anaona chikwanje pamene ndinkalongedza. Nkhope yake inasintha, n'kufunsa kuti n'chachiyani. Ndinamuuza kuti mvula yonseyi manda a Sarah amela udzu ndi zitsamba, ndipo asanalankhule kanthu adzayamba walambula. Anayang'ana bandeji yake, nati ndi dzanja limodzi, lamanzele, zidzamutengela tsiku lonse.

Ndinati ndidzadikila. Ndidzapeza pokhala.